Kompyuta ikati yasunga, disiki n'kukana: nkhani ya fsync

Pulogalamu ikauza kompyuta kuti ilembe zinthu m'fayilo, yankho loti zatheka limabwera disiki isanakhudzidwe n'komwe. Zolembazo zimakhala zangofika mu RAM, m'chigawo chimene pa Linux amachitcha page cache, ndipo zimadikira pamenepo kufikira kernel, yomwe ndi phata la operating system, itaona kuti nthawi yozitsitsira pa disiki yakwana. Masiku ambiri palibe amene amadandaula nalo dongosolo limeneli. Nkhani imavuta tsiku limene disiki yakana kulandira zolembazo, mwini wake atauzidwa kale kuti zonse zili bwino ndipo atapitirira ndi ntchito zina. Uthenga woipawo upite kwa ndani? Nanga zolemba zokanidwazo zisungidwe kapena zitayidwe? Mu 2018 opanga PostgreSQL, imodzi mwa ma database (mapulogalamu osunga deta) odalirika kwambiri, anatulukira kuti kwa zaka pafupifupi 20 iwo ndi opanga Linux ankayankha mafunso awiriwa mosiyana, aliyense akuganiza kuti mnzake akudziwa. Nkhani inagona pa fsync, lamulo limene pulogalamu imapereka pofuna kutsimikiza kuti zolemba zake zafikadi pa disiki.

Chifukwa chosungira zinthu mu RAM n'chosavuta kumva. Disiki yozungulira ija imatenga ma millisecond angapo kuti ipeze malo oti iwerenge kapena kulemba, pomwe RAM imayankha m'ma nanosecond pafupifupi 100. Ngakhale SSD, disiki yamakono yosazungulira, ndi changu chake chonse, imatsalira kutali. Choncho kernel imadula fayilo iliyonse m'masamba, ndipo pa makompyuta ambiri tsamba limodzi ndi ma byte 4096. Tsamba limene lasinthidwa mu RAM koma silinalembedwe pa disiki limaikidwa chizindikiro cha dirty. Likatumizidwa ku disiki chizindikirocho chimachotsedwa, tsambalo n'kukhala clean. Pa Linux imene mwini wake sanasinthepo kanthu, kernel imadzuka masekondi 5 aliwonse kukayendera masamba, ndipo limene lakhala dirty masekondi 30 limatumizidwa. Masamba oterewa akafika 10 peresenti ya memori yomwe ilipo, kulemba kumayamba osadikiranso nthawi. Akamayandikira 20 peresenti, mapulogalamu amene akulembawo amachedwetsedwa dala. Amene ali ndi Linux pafupi akhoza kudzionera yekha. Akopere fayilo yaikulu pa fulashi n'kutsegula /proc/meminfo: nambala ya pa mzere wa Dirty imakwera, kenako imatsika pang'onopang'ono, pomwe pa sikirini kukoperako kunatha kalekale.

Kuwerenga kukalephera

Mbali ya kuwerenga ndi yopepukirapo chifukwa wofunsayo amakhala adakalipo, akudikira yankho. Pulogalamu ikapereka lamulo la read, kernel imayang'ana kaye mu cache. Tsambalo likapezeka, disiki siifunsidwa. Likasowa, kernel imapatula tsamba lopanda kanthu, kulitseka kuti wina asalikhudze, n'kupempha disiki kuti ilidzaze. Disiki ikayankha bwino, tsambalo limapatsidwa chizindikiro cha uptodate. Ikalephera, chizindikirocho sichiperekedwa, ndipo pulogalamu imalandira EIO, uthenga woti kuwerenga kapena kulemba kwalephera, umene ndi nambala 5 pa mndandanda wa zolakwika za Linux. Ngati mbali ina inawerengeka, imalandira ma byte ochepa kuposa amene inapempha, n'kudzakumana ndi EIO ikafunsa zotsalazo. Tsamba lopanda uptodate silipatsidwa kwa aliyense, ndipo wina akadzalifuna kernel imabwereranso ku disiki kukayesa.

Pali malo angapo pamene zimapotana. Kernel ikaona kuti mukuwerenga fayilo motsatana, imawerengeratu masamba akutsogolo musanawapemphe. Limodzi mwa amenewa likalephera palibe woti auzidwe, popeza palibe amene analipempha. Limangosiyidwa, ndipo vutolo limaululika pokhapokha wina akalifunadi n'kulepheranso. Apa kukhala chete n'koyenera. Kwina ndi kwa mapulogalamu amene amatsegula fayilo ndi mmap n'kumaiwerenga ngati memori wamba. Amenewa sapereka lamulo la read, ndiye palibe pobwezera EIO. Kernel imawatumizira SIGBUS, chenjezo loti memoriyo yakanika kuwerengeka, ndipo pulogalamu imene sinakonzekere imafera pomwepo. Zimathekanso kuti kulemba kulephere chifukwa cha vuto la kuwerenga. Mukasintha ma byte 10 okha pakati pa tsamba limene silili mu cache, kernel iyenera kuyamba yatenga tsamba lonselo ku disiki isanaikemo zanuzo.

Zonsezi zikudalira kuti disiki iulule kuti yalephera. Ikabweza zinthu zowonongeka n'kunena kuti zili bwino, cache imazilandira n'kumagawira aliyense wofunsa. Ma file system ena (madongosolo osanjira mafayilo pa disiki), monga Btrfs ndi ZFS, amazigwira chifukwa amasunga checksum, kanambala koonera ngati zimene zili m'kati mwa fayilo zawonongeka. Anzawo ext4 ndi XFS amateteza motero zolemba zawo za kayendetsedwe ka mafayilo zokha. Imeneyo ndi nkhani ina payokha.

Kulemba kukalephera

Kulemba kudzera mu cache kuli ngati kutumiza katundu pa basi. Kalaliki wa pa depoti wakulandirani thumba, wakupatsani lisiti, inu mwabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Koma lisitilo likungonena kuti katundu walandiridwa, osati kuti wafika, ndipo basi ikafera panjira usiku inu muli m'tulo. Yankho labwino la write, lamulo lolembera m'fayilo, ndi lisiti lotero.

Amene akufuna kudziwa ngati zafikadi amaitana fsync, lamulo louza kernel kuti itsitse masamba onse a dirty a fayilo imeneyo, iuzenso disiki kuti ikhuthule kamemori kake ka m'kati, ndipo isayankhe mpaka zonse zitatha. Fsync ikati zatheka, ngakhale magetsi athime, zolembazo zidzapezeka. Ikati EIO ndiye kuti china chake sichinafike. Zifukwa n'zambiri: disiki yakalamba ndipo malo ena afa, chingwe chagwedezeka, netiweki yopita kumene kuli madisiki yaduka, kapena malo atha. Kutha kwa malo kumachitikachitika pa madisiki a m'ma seva amene amalonjeza malo ochuluka kuposa amene alipodi. File system imaona ngati malo alipo, n'kudzakanidwa pa nthawi yolemba yeniyeniyo.

POSIX, malamulo amene ma operating system a banja la Unix amatsatira, imangonena kuti fsync ikalephera palibe chitsimikizo choti zolemba zimene zinali panjira zafika. Za chimene chichitike ndi masamba olepherawo, kapena chimene fsync yachiwiri iyenera kuyankha, siinenapo kanthu. Aliyense anadzaza yekha mpata umenewu.

Linux inasankha kuti tsamba likalephera kulembedwa lisabwezeredwe chizindikiro cha dirty. Limatsala clean, ngakhale zimene zili m'menemo sizili pa disiki. Vutolo limalembedwa pa fayiloyo, ndipo mu log ya kernel, momwe imalembamo zochitika, mumatuluka mzere wothera ndi mawu ngati "lost async page write", umene anthu ambiri sauwerenga. Linux 4.13 isanatuluke, cholembedwa pa fayilocho chinali kambendera chabe, AS_EIO kapena AS_ENOSPC, ndipo woyamba kufunsa ankakatsitsa. Fsync yoyamba inkalandira EIO. Yachiwiri inkafufuza masamba a dirty osapeza ngakhale limodzi, kuyang'ana kambendera n'kupeza katsitsidwa, basi n'kuyankha kuti zatheka. Kwa kernel limeneli silinali bodza: kuchokera pamene munafunsa komaliza palibe chatsopano chalephera. Koma wolemba pulogalamu ankamva kuti zolemba zake zonse tsopano zafika. Choipa kwambiri, woyamba kufunsayo sankakhala mwini zolembazo nthawi zonse. Pulogalamu ina imene yaitana fsync pa fayilo yomweyo inkatha kulandira uthengawo n'kupita nawo.

Mmene PostgreSQL inagwera m'mbuna

PostgreSQL sinali yotayirira. Kusintha kulikonse, kaya ndi ndalama zochoka ku akaunti ina kupita ku ina, kumayamba kwalembedwa m'kaundula wotchedwa WAL, ndipo kaundulayu amapatsidwa fsync munthu asanauzidwe kuti zatheka. Mafayilo enieni a matebulo, amene amadulidwa m'masamba a 8 kB, amalembedwa pambuyo pake ndi write wamba. Nthawi ndi nthawi, mphindi 5 zilizonse ngati mwini seva sanasinthe, pamachitika checkpoint: zosinthidwa zonse zimaperekedwa kwa kernel, mafayilo onse okhudzidwa amapatsidwa fsync, ndipo zikatheka database imadinda kuti mpaka apa zonse zili pa disiki. Chidindo chimenecho ndi chimene chimalola kuti WAL yakale ifufutidwe. Seva ikagwa, PostgreSQL imayambira pa checkpoint yomaliza n'kubwereza zonse zimene zili mu WAL kuchokera pamenepo.

Tsopano tiyerekeze. Cha m'ma 10 koloko m'mawa tsamba la tebulo limene muli balansi ya munthu lasinthidwa. PostgreSQL yalipereka kwa kernel ndi write, ndipo kumbali yake yaliwerengera kuti lalembedwa, moti malo ake mu memori ya database akhoza kupatsidwa tsamba lina. Patapita masekondi 30 kernel yayesa kulitsitsa, njira yopita ku disiki yaduka kwa kanthawi, tsamba latsala clean. Checkpoint ya 10:05 yaitana fsync, yalandira EIO. Apa PostgreSQL inkachita chimene aliyense angachione chanzeru: kulemba mu log kuti checkpoint yalephera, kusunga WAL, n'kudikira kuti idzayesenso. Checkpoint ya 10:10 yaitananso fsync, yayankhidwa kuti zatheka. Chidindo chadindidwa, WAL yakale yapita. Balansi yatsopano ija tsopano yatsala malo amodzi okha, mu page cache, pa tsamba limene lili clean, limene kernel ili ndi ufulu wolitaya nthawi iliyonse ikafuna malo. Kwa maola kapena masiku aliyense wofunsa balansiyo amaona nambala yolondola chifukwa ikuchokera mu RAM. Tsiku limene tsambalo lidzatayidwe, kapena seva idzazimitsidwe n'kuyatsidwanso, disiki idzabweza nambala yakale, ndipo palibe amene adzaganize zokayang'ana mzere umodzi wa mu log ya sabata yatha.

Kumapeto kwa Malichi 2018, Craig Ringer wa kampani ya 2ndQuadrant ndiye anabweretsa nkhaniyi kwa anzake opanga PostgreSQL, atafufuza database imene inawonongeka pa XFS pambuyo pa vuto la madisiki. Poyamba ambiri analoza chala kernel ya Linux. Atayang'ana ma operating system ena anagwira njakata, chifukwa OpenBSD, NetBSD ndi macOS nazonso zinkataya masamba olephera, fsync yachiwiri n'kuyankha bwino. FreeBSD ndi imene inkasunga masambawo ali dirty n'kumayesabe, fsync n'kumakanabe mpaka zitatheka, monga momwe PostgreSQL inkaganizira kuti aliyense amachitira. Mkanganowu anaupatsa dzina loti fsyncgate.

Opanga kernel anali ndi yankho lawo. Theodore Ts'o, woyang'anira ext4, anafotokoza kuti vuto la kulemba limene limachitika kwambiri kuposa onse si la ma seva akuluakulu ayi, koma la munthu kuzula fulashi kukopera kusanathe. Fulashiyo yalowa m'thumba, yapita, mwina siidzabweranso. Kernel ikati isunge masamba ake ali dirty mpaka adzalembedwe, adzakhala mu RAM mpaka kalekale, ndipo pulogalamu ikapitiriza kulemba memori idzadzaza, kompyuta yonse n'kuima chifukwa cha kachipangizo kamodzi.

Mfundo imeneyi ndi yomveka, ndipo ine sindiona cholakwika kuti kernel isiye kuyesa. Pamene EIO ikufika pamwamba, zigawo zapansi zoyendetsa disiki zimakhala zitabwereza kale kangapo, ndipo kuumirira sikudzutsa malo akufa. Pamene ndimasiyana nawo ndi pa kauzidwe. Kutaya zolemba za munthu n'kwina, kumuyankha kuti zatheka atafunsanso n'kwinanso, makamaka pomwe khalidwe limeneli silinali lolembedwa momveka pamalo pamene wolemba pulogalamu angaliwerenge. Ngati anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kusamala deta anamva molakwika kwa zaka 20, mlandu sungakhale wa owerenga okha.

Pamene mkanganowu unkabuka, Linux inali itakonza kale mbali ina. Jeff Layton analemba errseq_t, imene inalowa mu Linux 4.13 mu Sepitembala 2017. M'malo mwa kambendera kaja, fayilo iliyonse ili ndi nambala ya ma bit 32 imene imasunga zinthu zitatu: mtundu wa vuto lomaliza, kauntala, ndi kachizindikiro konena ngati wina waliona kale. Aliyense wotsegula fayilo amakopera nambalayi pa nthawi yotsegulayo. Akaitana fsync, kernel imayerekeza chimene anakopera ndi chimene chilipo tsopano. Zikasiyana amauzidwa za vutolo n'kupatsidwa nambala yatsopanoyo. Motero aliyense amene anali atatsegula fayilo pamene vuto linkachitika amamva, kamodzi, ndipo palibe angalande mnzake uthenga.

Tsoka lake, kukonza kumeneku kunaipitsa zinthu pamalo enieni pamene PostgreSQL inkaponda. PostgreSQL imayenda ndi ma process ambiri, kutanthauza zigawo za pulogalamu zoyenda chilichonse pachokha, ndipo kawirikawiri amene walemba tsamba si amene amaitana fsync. Wolembayo amangotumiza pempho kwa process ina yotchedwa checkpointer, imene imatsegula fayiloyo payokha nthawi ya checkpoint ikakwana. Ngati vuto linachitika checkpointer isanatsegule, nambala imene yakopera inali ndi vutolo kale m'kati, ndiye panalibe kusiyana kulikonse, ndipo ngakhale fsync yoyamba inkayankha kuti zatheka. EIO sinkaonekanso ngakhale kamodzi. Matthew Wilcox anatseka mpatawu mu Epulo 2018: vuto limene palibe amene wauzidwa limaperekedwa kwa woyamba kufunsa, ngakhale atakhala kuti anatsegula fayilo mochedwa. Kusinthaku kunalowa mu 4.17 n'kupititsidwanso m'ma kernel ena akale amene ankasamalidwabe. Mwezi womwewo Andres Freund wa PostgreSQL anapita ku msonkhano wa opanga ma file system ndi memori ya Linux ku Park City, m'chigawo cha Utah ku America, kukakambirana nawo pamaso m'pamaso.

Yankho la PostgreSQL linali kudzigwetsa. Masiku ano fsync ya fayilo ya deta ikalephera, database imachita PANIC: ma process onse amaima, n'kuyambiranso kuchokera pa checkpoint yomaliza imene inatheka. Popeza checkpoint yolepherayo sinadindidwe, WAL ikadalipo, ndipo kuibwereza kumalembanso masamba aja ndi write yatsopano, n'kuwabwezera chizindikiro cha dirty kuti kernel iwatumizenso. Kusinthaku, kumene Thomas Munro anakulowetsa mu Novembala 2018, kunafika kwa anthu mu Febuluwale 2019. Anasiya kabatani kotchedwa data_sync_retry, kozimitsidwa, ka okhawo amene akudziwa kuti operating system yawo imasunga masamba olephera. InnoDB ya MySQL ndi WiredTiger ya MongoDB, zigawo zosungira deta za ma database ena, nazonso zinasinthidwa mofananamo.

Database yogwa masana dzuwa likuswa mtengo si nkhani yokoma kwa woyang'anira seva. Mafoni amalira mbali zonse. Komabe kugwa kwa mphindi zochepa kumaonekera, ndipo kumamutuma munthu kukayang'ana disiki tsiku lomwelo. Tsamba lotayika mwakachetechete limadzatulukira mochedwa, mwina ma backup abwino atafufutidwa kale. Pa ziwirizi ine ndisankha kugwa.

Cache imanamizanso wofufuza

Nkhani ikanathera apa ikanakhala yabwino. Mu 2020 Anthony Rebello ndi anzake a pa University of Wisconsin–Madison, kuphatikizapo Andrea ndi Remzi Arpaci-Dusseau, anapereka kafukufuku wawo pa msonkhano wa USENIX ATC. Ankalepheretsa dala kulemba pa malo osankhidwa a disiki n'kuona zotsatira pa ext4, XFS ndi Btrfs. Onse atatu ankasiya masamba ali clean fsync ikalephera. Ankasiyana pa zotsala m'masambamo: pa ext4 ndi XFS zatsopano zimene sizinafike pa disiki zinkatsalabe mu cache, pomwe Btrfs inkabwerera ku zimene zili pa disiki. Ext4 ikayikidwa kuti deta nayonso izidutsa mu journal, kaundula wake wa zosintha, EIO inkachedwa, n'kudzatuluka pa fsync yotsatira osati imene zinalepherayo. Anayesanso mapulogalamu asanu osunga deta, PostgreSQL, SQLite, LevelDB, LMDB ndi Redis, ndipo panalibe imene inapulumuka m'mayeso onse.

Zimenezi zikutanthauza kuti nzeru yoyamba imene imabwera m'mutu, yowerenganso fayilo kuti uone ngati zinalembedwa, ndi yachabe pa ext4 ndi XFS. Lamulo la read limapeza tsambalo mu cache, lili uptodate, n'kukubwezera zomwe unalemba zija, disiki osafunsidwa. Ndipo kudzigwetsa kwa pulogalamu sikukhuthula cache, chifukwa cache ndi ya kernel, ndipo kernel sinagwe. Ngati chimene chinalephera ndi kaundula mwiniwake, wonga WAL uja, pulogalamu ikayambiranso ikhoza kuwerenga mu cache mzere umene sunafike pa disiki n'kuukhulupirira. Munthu amene anauzidwa kuti kutumiza kwake kwalephera akhoza kudzapeza kuti kunachitika, ndipo ngati anabwereza ndiye wachita kawiri. Ofufuzawo anaona kulephera konamizira kotereku m'mayeso awo.

Wolemba mapulogalamu atsala ndi malangizo ochepa koma ouma. Zimene walemba asazitaye m'manja mwake kufikira fsync itati zatheka. Ikalephera, asaibwereze n'kukhulupirira yankho lachiwiri. Alembenso zonse kuchokera ku zimene anasunga, kapena aime. Pofuna kusintha fayilo yaing'ono yofunika, njira yodziwika ndi kulemba fayilo yatsopano pambali, kuipatsa fsync, kuisintha dzina ndi rename kuti ilowe m'malo mwa yakale, kenako kupatsanso fsync foda imene ilimo. China chikalephera rename isanachitike, yakale ija ikadali yathunthu. Yankho la close, lamulo lotsekera fayilo, nalo si lotaya, makamaka pa NFS, njira yosungira mafayilo kudzera pa netiweki, pamene kutha kwa malo kumatha kuululika pa nthawi yotseka fayilo.

Kwa wogwiritsa ntchito kompyuta wamba, nkhaniyi amakumana nayo pa fulashi. Amene anagwiritsa ntchito Windows zakale amaukumbukira uthenga wa "Delayed Write Failed", umene unali kuvomera kwa operating system kuti zimene inalandira kale zakanika kufika. Kuyambira pa Windows 10 version 1809, Microsoft inaika kuti zipangizo zozulidwa zizikhala pa "Quick removal" ngati mwini wake sanasinthe, kutanthauza kuti Windows siisunga zolemba zopita ku zipangizozo mu cache podikira. Kukopera kumachedwerapo koma chiopsezo chimachepa. Pa Linux lamulo lokopera la cp siliitana fsync, choncho kutha kwake sikutsimikizira kanthu, ndipo kudina eject n'kudikira ndi kumene kumakakamiza masamba otsala kuti atsike. Ngakhale lamulo lakale la sync la mu kernel silibweza uthenga wa vuto. Mnzake syncfs, amene amatsitsa zonse za file system imodzi, anayamba kuulula zolephera mu Linux 5.8, mu Ogasiti 2020.

Mpata umodzi udakalipo pa fsync. Nambala ya errseq_t ija imakhala mu RAM, pamodzi ndi inode, zimene kernel ikukumbukira za fayiloyo. Ngati palibe amene watsegula fayilo ndipo masamba ake onse ali clean, kernel ikasowa malo ikhoza kuchotsa inode mu memori, mbiri ya vuto n'kupita nayo. Checkpointer yotsegula fayiloyo pambuyo pake siipeza chilichonse. Kuti zifike apa pamafunika kuti vuto la disiki likumane ndi kuchepa kwa memori pa nthawi yolakwika, koma pa seva yotanganidwa zoterezi si zachilendo.

N'chifukwa chake opanga kernel, monga Dave Chinner wa XFS, ankalangiza a PostgreSQL kuti alambalale cache yonseyo pogwiritsa ntchito O_DIRECT. Polemba mwa njira imeneyi zolemba zimachoka mu memori ya pulogalamu kupita ku disiki, ndipo disiki ikakana, wolembayo amauzidwa pomwepo zinthu zikadali m'manja mwake. InnoDB yakhala ndi njirayi kwa nthawi yaitali. Mtengo wake ndi woti ntchito zonse zimene kernel inkakugwirira, kuwerengeratu zakutsogolo, kuphatikiza zolemba zing'onozing'ono, kusankha nthawi yabwino yotsitsira, uyenera kuzilemba wekha, apo ayi database imayenda ngati yavulala. PostgreSQL 16 ya Sepitembala 2023 inabwera ndi debug_io_direct, yozimitsidwa ndipo yoyesera chabe. PostgreSQL 18 ya Sepitembala 2025 yawonjezera njira yotumizira mapempho ambiri ku disiki osadikira yankho la lililonse, koma yayambira mbali ya kuwerenga. Kulemba masamba a matebulo kukudutsabe mu page cache, kenako fsync pa checkpoint.